Funsani Makaniko: Mwaitsitsa galimoto, nanga tayala lithawira kuti?

Mwezi uno makalata ambiri akufunsa za chinthu chimodzi, magalimoto otsitsa. Sindikudabwa. Fodya akangoyamba kugulidwa ku Chinkhoma, pa galaja panga pano pa Kasungu sipatha sabata osabwera mnyamata wofuna kuti galimoto yake "ikhale pansi". Ndasankhapo makalata asanu. Pa yoyambayi ndichedwapo dala, chifukwa ena onsewo atsamira pomwepo.

Madala, ndili ndi Toyota Corolla Axio. Mnzanga anandidulira masipuling'i onse anayi ndi grinder ndipo inatsika ndi mamilimita pafupifupi 50. Ikaima imakongola zedi. Koma pa hampu iliyonse kuchoka m'tauni muno kupita ku Santhe ndimamva gu! kutsogolo, ngakhale ndiyende pang'onopang'ono. Pa intaneti ndaona ma coilover, mashoko obwera ndi masipuling'i awo amene umatha kutsitsa kapena kukweza nawo galimoto, olembedwa 8K kutsogolo, 6K kumbuyo. Manambalawa akutanthauza chiyani, ndipo ndikagula vuto litha? Mphunzitsi, Kasungu

Aphunzitsi, gu! mukumvayo musanamizire hampu. Ndi galimoto yanu ikudzimenya yokha. Pa ndodo ya shoko, m'kati mwa sipuling'i, pali kalabala kooneka ngati chitsononkho cha chimanga, timakatcha bump stop. Anakaikapo kuti kazilandira galimoto tsiku limene mwagwera m'dzenje lalikulu, zitsulo zisagundane. Ndi mlonda wa tsiku la ngozi. Inu mwamusandutsa wantchito wa tsiku ndi tsiku, chifukwa galimoto yanu ikuyenda itatsala pang'ono kumukhalira.

Tiyambe ndi K mwafunsayo. Ndi mmene a ku Japan amalembera kulimba kwa sipuling'i: makilogalamu angati amene muyenera kusenzetsa sipuling'iyo kuti ifupike ndi milimita imodzi. Ya 8K imafuna makilogalamu 8 pa milimita iliyonse. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 lingaikanikize mamilimita 6 okha ndi pang'ono. Mukaona katundu wa ku Ulaya wolembedwa N/mm, dziwani kuti 1K ndi pafupifupi 9.8 N/mm, ndipo a ku America amene amalemba mapaundi pa inchi, 1K ndi pafupifupi 56. Magalimoto ang'onoang'ono amene timaitanitsa kudzera ku Dar es Salaam amachoka ku fakitale ndi masipuling'i a pakati pa 2K ndi 3K. Ndiye mukuona kale kuti 8K si kusintha kwapang'ono, ndi katatu.

Tsopano tengani choko, poti ndinu mphunzitsi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, koma sali kutali ndi galimoto ya msinkhu wa yanu. Tinene kuti tayala limodzi lakutsogolo lasenza makilogalamu 300, sipuling'i ndi ya 2.5K, ndipo galimoto itaima bwinobwino pamatsala mamilimita 80 oti tayala likwere lisanafike pa kalabala kaja. Kuti mamilimita 80 amenewo athe, pamafunika mphamvu yowonjezera ya 80 kuchulukitsa ndi 2.5, makilogalamu 200. Chuma chanu pamsewu n'chimenecho. Dzenje lililonse, hampu iliyonse, mwala uliwonse umatapa mu nkhokwe imeneyi.

Mukatsitsa ndi mamilimita 30, patsala 50. Kuti nkhokwe ikhalebe ya makilogalamu 200, sipuling'i iyenera kukhala 200 kugawa ndi 50, ndiye 4K. Mukatsitsa ndi 50 monga mwachitiramu, patsala 30 basi, ndipo pafunika pafupifupi 6.7K. Ndiye funso loyamba si lakuti "ndigule ya ma K angati" ayi. Funso loyamba n'lakuti ndasiya mpata wochuluka bwanji woti tayala lithawiremo, pa misewu imene ndimayendamo. Kulimba kwa sipuling'i kumachokera pa yankho limenelo.

Mwina mukuti, basi ndigule za 8K zija nkhani ithe. Dikirani kaye, kulimba kuli ndi mtengo wake. Galimoto iliyonse ili ndi kamvekedwe kake ka kudumpha, monga ng'oma iliyonse ili ndi liwu lake malinga ndi mmene mwakungira chikopa. Ndi 2.5K pansi pa makilogalamu 300, thupi la galimoto limakwera n'kutsika pafupifupi ka 86 pa mphindi, liwiro losasiyana kwenikweni ndi kugunda kwa mtima wa munthu, n'chifukwa chake mwana amagona tulo pampando wakumbuyo. Ndi 4K limafika ka 109, mumaumva msewu koma msana sudandaula. Ndi 6.7K ndi ka 140. Ndi 8K ladutsa ka 150, ndipo kumeneko ndi kwa magalimoto a mpikisano oyenda pa phula losalala ngati tebulo. Pa msewu wathu wa zigamba, tayala lolimbitsidwa chotero silitsatira nthaka, limangodumpha pamwamba pa zigambazo. Tayala likakhala m'malere silikhota, silimanga buleki. Anyamata amaganiza kuti kulimba ndiko kugwira msewu. Pa phula labwino inde, mpaka pamlingo wina. Pa msewu wa ku Chamama ayi.

Za kudula kuja. Sipuling'i yodula imalimbako, zimenezo n'zoona, chifukwa mizere yogwira ntchito ikachepa waya wopindika amachepanso. Mukachotsa mzere umodzi pa isanu ndi umodzi imalimba ndi 20 peresenti, ndiye 2.5K ija yafika pa 3K. Koma taona kuti pa kutsika kwanuko pakufunika 6.7K. Mwataya mpata wambiri n'kupeza kulimba kochepa, gu! uja akuchokera pamenepo. Chinanso, mapeto a sipuling'i anawapinda mwa mtundu wake kuti akhazikike bwino m'mbale yake, ndipo grinder imachotsa mapeto omwewo.

Chaka chatha kunabwera Vitz ina pano, mwini wake akuti kumbuyo kukulira ngati muli mabotolo. Mnyamata wanga anaika jeke, n'kuyamba kupopa. Tayala lisanachoke n'komwe pansi tinangomva ngwee! sipuling'i yagwa yokha, n'kugubuduka mpaka pa mapazi a mayi wogulitsa mandasi pa geti. Inali yofupika kwambiri moti tayala likalendewera inalibe choigwira. Tangoganizani zimenezo zikuchitika pa liwiro la makilomita 80 pa ola, tayala litalowa m'dzenje pa M1. Ndipo inali yakuda mbali imodzi, kusonyeza kuti wina anaiotcha ndi moto wa gasi kuti ikhale pansi. Chitsulo cha sipuling'i amachikhwimitsa ndi moto woyeza ku fakitale. Mukachiotchanso chimafewa, chimapitiriza kutsika mwezi ndi mwezi, mbali ina kuposa inzake, kenaka chimathyoka osatsanzika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musanagule kanthu, yezani zinthu ziwiri, zonse n'zaulere. Choyamba, imikani galimoto pa simenti yosalala, yezani ndi tepi kuchoka pakati pa limu kufika pa mlomo wa bodi pamwamba pa tayala. Ikani m'buti matumba awiri a makilogalamu 50, muwakankhire m'kati kuti akhale pamwamba pa matayala akumbuyo, gwedezani galimoto pang'ono, yezaninso. Tayala lililonse lalandira makilogalamu 50. Ngati yatsika ndi mamilimita 25, kulimba kwake pa tayala ndi 2K. Chachiwiri, mangani kachingwe kapulasitiki komangira mawaya, cable tie, pa ndodo yonyezimira ya shoko, mukatsitse mpaka kakhudze thupi la shoko. Yendani ulendo wanu wa masiku onse, kusukulu ndi kubwerera. Pobwera suzumirani. Shoko imakakankhira m'mwamba n'kukasiya pamene inafika. Mukakapeza katalowa m'kalabala kaja, mpata mulibe.

Kumbuyo musangotengera nambala yakutsogolo. Galimoto ngati yanu injini ili kutsogolo, ndiye tayala lakumbuyo lingasenze mwina makilogalamu 200 okha mukakhala nokha. Katswiri wina wa ku England, Maurice Olley, akugwira ntchito ku General Motors m'zaka za m'ma 1930, anapeza kuti galimoto imayenda mosagwedeza mutu ngati kumbuyo kukudumpha mofulumirirapo pang'ono kuposa kutsogolo. Chifukwa chake n'chosavuta. Matayala akutsogolo ndi akumbuyo a Axio atalikirana mamita 2.6, ndiye pa makilomita 60 pa ola akumbuyo amafika pa bampu patapita kachigawo ka sekondi, pafupifupi 0.16. Achedwa kunyamuka, ayenera kufulumira kuti awapeze anzawo n'kutsikira limodzi. Opanga magalimoto ambiri amasiyanitsa ndi 10 mpaka 20 peresenti. Pa chitsanzo chathu, kutsogolo kukakhala 4K, kumbuyo 3K n'kupitirirako pang'ono kwakwana. 6K mwaionayo ingachititse kumbuyo kudumpha koposa ka 160 pa mphindi, ndipo pa kona ya miyala kapena mvula ikagwa, mchira wa galimoto ungafune kupitirira mutu.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanataya zodulazo sabata ino. Ndikanagula masipuling'i opangidwira kutsitsa galimoto yomweyo, monga a Eibach, H&R kapena Tein, amene ambiri amatsitsa mamilimita 25 mpaka 35, pamodzi ndi mashoko atsopano ndi timalabala tatsopano, poti takalato mwatiphwanya kale. Mukaumirira ma coilover, funsani wogulitsa ngati angakuikireni masipuling'i ofewerapo, a 4K kapena 5K kutsogolo, ndipo musawatsitse mpaka pamapeto. Galimoto yotsika ndi mamilimita 30 imaoneka kale kuti yasintha, ndipo sampu yanu, mbale ya oyilo ya pansi pa injini, idzaona Khirisimasi.

Achimwene, ndinagula Subaru Impreza ili kale ndi ma coilover okhala ndi kachitsulo kopotokola pamwamba, kamalira ka 30. Anzanga anati ndipotokole mpaka kumapeto kuti igwire msewu. Pa phula popita ku Lilongwe ili bwino ndithu, koma pa msewu wadothi wopita kumunda imanjenjemera, imatsetserekera m'mbali yokha, ndipo ndikapitirira imayamba kugunda pansi. Ndiziika pa nambala yanji? Mlimi, Kamwendo, Mchinji

Achimwene, nambala yeniyeni sindingakupatseni ndili kuno, chifukwa ka 12 ka kampani ina si ka 12 ka inzake. Koma njira yoipezera ndikupatsani, ndipo Loweruka limodzi likwana.

Muyambe mwamvetsa kuti shoko sisenza galimoto. Wosenza ndi sipuling'i. Shoko ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuvina. M'kati mwake muli pisitoni imene imakankha oyilo kudutsa m'timabowo tating'ono, ndipo mphamvu ya kudumpha imasanduka kutentha. Mukafika kumunda mudzaikhudze, mudzaipeza yofunda. Kachitsulo mukupotokolako kamangochepetsa kapena kukulitsa njira ya oyiloyo. Sikalimbitsa sipuling'i, sikakweza galimoto, kamangosintha liwiro limene zinthu zimachitikira.

Shoko imagwira mbali ziwiri. Tayala likamakwera, imakaniza pang'ono. Likamabwerera pansi, chimene timati rebound, imakaniza kwambiri, kawirikawiri kawiri kapena katatu kuposa pokwera, chifukwa pamenepo ikulimbana ndi sipuling'i yofuna kudzitambasula mwaukali. Pa ma coilover ambiri a kachitsulo kamodzi, mukapotokola mumasintha kwambiri rebound, kwinako kumangotsatira pang'ono.

Nachi chimene chikukuchitikirani. Msewu wadothi nthawi ya chilimwe umachita tizitunda ngati malata. Tizitundato titatalikirana mita imodzi, pa makilomita 50 pa ola tayala limagunda ka 14 pa sekondi imodzi. Kachitunda koyamba kakankhira tayala m'mwamba. Lisanabwerere, poti shoko mwaimanga kwambiri, kachiwiri kafika, kalikankhiranso. Kachitatu chimodzimodzi. Galimoto imanka nitsika yokha, ngati munthu wongopumira kunja osapumira m'kati, mpaka yakhala pa timalabala. Kugunda mukumvako n'kumeneko. Ndipo popeza tayala likuchedwa kutsika kukafuna nthaka, nthawi yambiri lili m'malere, n'chifukwa chake mukutsetserekera kumbali chiwongolero mutachigwira mowongoka.

Chitani motere. Yambani ndi mpweya wa m'matayala, muike umene walembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, matayala asanatenthe. Anthu ambiri amadandaula mashoko pamene wopopa wa pamsewu wawaikira mpweya wa lole. Kenaka potokolani kachitsulo kalikonse kupita kolimba mpaka kaime, mofatsa, ndi zala ziwiri, musakakakamize chifukwa kansingano ka m'kati kamawonongeka. Kuwerenga kumayambira pamenepo, kubwerera m'mbuyo. Bwererani ka 22 kapena 24 pa onse anayi, kumanja ndi kumanzere kufanane ndendende. Lembani m'kope.

Sankhani msewu umodzi wa makilomita awiri kapena atatu wokhala ndi hampu, kona, ndi chigawo cha tizitunda, nthawi imene kulibe ana a sukulu ndi a kabaza. Muziyenda pa liwiro limodzimodzi ulendo uliwonse. Mukadutsa hampu mvetserani ndi matako, osati ndi makutu. Ikakwera, n'kutsika, n'kukweranso, n'kutsikanso ngati bwato pa nyanja, yafewa kwambiri. Limbitsani kutsogolo ka 3, yendaninso. Mukufuna kuti ikwere kamodzi, itsike kamodzi, ikhazikike. Kutsogolo kukakhala bwino, chitani zomwezo kumbuyo. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, apo ayi simudziwa chimene chathandiza. Pamene mwayamba kumva timiyala tonse m'mano, kapena galimoto yayambanso kutsetsereka pa tizitunda, mwapitirira, bwererani ka 2 n'kusiya pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi zambiri pa misewu yathu ndimapezeka ndathera ku theka lofewa la manambalawo, kumbuyo kofewerako kuposa kutsogolo. Tsiku lopita ku Lilongwe pa phula mukhoza kuwonjezera ka 3 kapena 4, ndi ntchito ya mphindi ziwiri, bola kope lija lili m'galimoto. Mukafewetsa mpaka kumapeto koma ikudumphabe mouma, vuto si mashoko, ndi masipuling'i olimbitsitsa kapena galimoto yotsikitsitsa. Werengani yankho la aphunzitsi pamwambapa. Ndipo kuyesa kuja kokanikiza bampala ndi dzanja n'kuona ngati ikuvina, kumagwira pa magalimoto a masipuling'i ofewa. Pa 8K ngakhale shoko yakufa imaoneka yamoyo, dzanja lanu silingaigwedeze.

Bambo makaniko, amuna anga anatsitsa Honda Fit yathu n'kuika malimu akuluakulu a 17. Pa miyezi isanu matayala akutsogolo atha m'kati mokhamokha mpaka mawaya kuoneka, ndipo limu limodzi lapindika kale. Iwo akuti matayala anali achinyengo. Zoona? Mayi wa bizinesi, Mchinji boma

Mayi, sindikufuna kulowa m'nkhani za m'banja, koma matayala alibe mlandu. Galimoto ikatsika, mikono yonse yogwira tayala imasintha kaimidwe. Tayala limapendekera m'kati kumtunda kwake, ndiponso, chimene chimadya labala msanga kwambiri, limaleka kuloza kutsogolo ndendende, limayenda likukhula msewu chammbali pang'ono mtunda wonse. Mamilimita awiri kapena atatu olakwika pamenepa akwanira kumaliza tayala latsopano pa miyezi yochepa. Aliyense wotsitsa galimoto ayenera kupita ku alayimenti ya makina pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, masipuling'i atakhazikika. Afunseni bambo ngati anapitako. Ndikuganiza kuti yankho ndikulidziwa.

Awauzenso amakaniko amasule mabawuti a mabushi a mikono n'kuwamanganso galimoto itaponda pansi ndi kulemera kwake. Akamangidwa galimoto ili pa jeke, labala wa bushi amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika.

Za limu lopindika, tayala nalonso ndi sipuling'i, ndipo ndi limene limayamba kukumana ndi dzenje. Nambala yachiwiri yolembedwa pambali pa tayala imanena kutalika kwa khoma lake, monga peresenti ya nambala yoyamba, imene ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Tayala la 195/65 R15 lili ndi khoma la mamilimita pafupifupi 127. La 205/40 R17 lili ndi 82 okha. Mwachotsa mpata m'sipuling'i, mwachotsanso m'tayala, ndiye dzenje la pa msewu wopita ku Mwami likafika limakambirana ndi limu mwachindunji. Poti mwati ndinu a bizinesi, ndikukhulupirira Fit imeneyi imanyamulanso katundu. Bwererani pa 15. Malimu okongola a 15 alipo ambiri.

Madala, mashoko anga afooka nditaika masipuling'i otsitsa. Wina wandiuza kuti akhoza kuwaboola, kuthiramo oyilo wolemera wa giyabokosi n'kuwotcherera, alimba ngati atsopano. Ndipange? Wa takisi, Nkhamenya

Ayi, aphwanga, musapange. Mashoko ambiri a masiku ano ali ndi mpweya wa nayitirojeni wotsekeredwa m'kati, ndipo a chubu chimodzi mpweyawo ndi wamphamvu kwambiri. Kuboola kapena kuyandikiza moto pamenepo n'kuika maso ndi zala pachiswe. Ngakhale zitatheka popanda ngozi, oyilo wa shoko ndi wopepuka dala, wopangidwa kuti asasinthe kwambiri akatentha ndiponso asachite thovu. Wa giyabokosi m'mawa wa mu June kuno ku Kasungu amakhala ngati uchi, galimoto idzauma gwa, ndipo mukayenda makilomita 20 watentha, wafewa, mwabwerera pomwe munali. Chimene chinatha m'katimo ndi timbale ta pa pisitoni ndi labala wotseka oyilo, ndipo oyilo watsopano sabwezeretsa zimenezo.

Chifukwa chimene afookera n'chodziwika. Sipuling'i yolimba imabwerera mwamphamvu, ndiye imafuna shoko yamphamvuko. Sikuti zimakwera mofanana ayi: sipuling'i ikalimba kawiri, shoko iyenera kuwonjezera pafupifupi 40 peresenti, ndipo kuchoka pa 2.5K kufika pa 4K ndi pafupifupi kota. Shoko ya ku fakitale ikakhala yatsopano imapirira kutsika kwa mamilimita 25 kapena 30. Koma yanu inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan itayenda kale, n'kudzaonjezera misewu ya kuno, ndiye masipuling'i atsopano angoimaliza. Pali mashoko opangidwira dala masipuling'i aafupi, monga Bilstein B8 amene ndodo yake ndi yofupikirapo kuti sipuling'i isamasuke, ndi Koni Sport amene mumatha kusintha rebound. Thumba likakana, gulani atsopano wamba a kampani yodziwika ngati KYB kapena Monroe, awiriawiri, kumanja ndi kumanzere tsiku limodzi.

Koma kunena zoona, galimoto ya takisi yonyamula anthu ndi matumba awo kuchoka ku Nkhamenya kubwera kuno, kuitsitsa n'kudzilanda ndalama nokha. Anthu atatu kumbuyo ndi katundu m'buti ndi makilogalamu oposa 200, ndipo pa masipuling'i a 2.5K amenewo okha amadya mamilimita 40 musananyamuke pa siteji. Masipuling'i akale aja ngati simunagulitse, abwezeretseni.

Bwana, ine ndili ndi Mark X, ma coilover ake ndi 12K kutsogolo ndipo imayenda bwino. Mnzanga wa Vitz anaika 8K koma ikudumpha ngati ngolo. Zikutheka bwanji yanga yolimba kwambiri n'kukhala yofewa? Komanso ndikamanga mphete ya pansi pa sipuling'i, imalimba? Wowerenga, Kasungu

Mwafunsa bwino, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera akamakopera manambala a anzawo. Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba ndi kulemera: Mark X ili cha m'ma kilogalamu 1,500, Vitz cha m'ma 1,000. Chachiwiri, chachikulu, ndi malo amene sipuling'i yakhala. Pa Vitz kutsogolo ndi strut, sipuling'i ili pamwamba penipeni pa tayala, ndiye tayala likakwera mamilimita 10 nayonso imafupika pafupifupi 10. Pa Mark X shoko ndi sipuling'i zaponda pa mkono wapansi, chapakati, osati kumapeto kumene kuli tayala. Ganizani za wilibala. Thumba la simenti mukaliika kufupi ndi tayala, m'manja mumamva kupepuka, ngakhale thumbalo ndi lomwelo.

Tiyerekeze kuti tayala likakwera 10, sipuling'i ikufupika 7. Chiwerengero chimenechi, 0.7, chimagwira kawiri, pa mtunda ndi pa mphamvu, ndiye mumachichulukitsa ndi icho chomwe: 0.49. Kutanthauza kuti tayala lanu likumva theka lokha la 12K, pafupifupi 6K, pansi pa galimoto yolemera. Mnzanuyo tayala lake likumva pafupifupi 8K yonse pansi pa kagalimoto kopepuka. Ngolo ndi imeneyo. Kuyeza kwa matumba kumene ndauza aphunzitsi n'kwabwino pa chifukwa chomwechi, kumakuuzani zimene tayala likumva, osati zimene zalembedwa pa katoni.

Za mphete, ayi. Sipuling'i ya 12K ndi ya 12K basi, mungamange bwanji. Mukamanga mpheteyo mumangokweza galimoto n'kuchepetsa mpata woti tayala litsikire m'dzenje, mukamasula mumaitsitsa n'kudya mpata wokwerera, ndipo mukapitiriza sipuling'i imayamba kugwedera. Yang'anani ngati anu ali ndi mphete inanso pansi, pamene thupi la shoko limalowa m'chikho chake. Ngati ilipo, kutsitsa ndi kukweza muzichitira pamenepo, chifukwa shoko yonse imafupika koma mpata wa ndodo susintha. Mphete za sipuling'i muzingozimanga kuti igwire, tayala litalendewera, n'kuwonjezera mamilimita ochepa amene kabuku kake kanena. Mukatero zungulitsani chiwongolero mbali zonse muone ngati tayala silikhudza bodi kapena paipi ya mabuleki.

Ndipo fumbi la kuno la mu October likasakanikirana ndi mvula yoyamba, mazinga a mphetezo amagwirana ngati owotcherera. Ndathyolapo sipanala ziwiri pa ntchito imeneyi. Muzitsuka ndi burashi ndi madzi miyezi itatu iliyonse, kuumitsa, n'kupoperapo mafuta opepuka. Girisi wambiri musapake, amangoitana mchenga.